Mafunso ndi mayankho pa katemera wa Covid-19: zomwe tinkaopa ndi zomwe zinachitikadi

Mafunso amenewa ndakhala ndikuwamva kuyambira 2021, ena pa WhatsApp, ena pamzere wodikira jakisoni, ena kwa abale anga enieni. Ndineneretu kumene ndaima, ine ndinabayitsa ndipo olo lero ndikhoza kubayitsanso. Koma chomwe chimandiwawa mpaka pano nchoti anthu ambiri amene ankafunsa ankayankhidwa ngati ana, kuti "ingobayitsani basi ndi wabwino", pomwe mafunso awo ambiri anali ndi mutu. Nde apa ndayankha mosabisa, zabwino ndi zoipa zomwe.

Katemera amatenga zaka zambiri kuti apangidwe, nanga uyu anapezeka bwanji chaka chisanathe?

Funso limeneli ndi labwino ndipo ine ndemwe linandivutitsa. Taonani masiku ake, asayansi a ku China anatulutsa pa intaneti kapangidwe ka kachilombo ka korona, koyambitsa Covid, mu Januwale 2020, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse pa 11 Malichi, ndipo pofika pa 8 Disembala chaka chomwecho gogo wina wa zaka 90, Margaret Keenan, anali akubayidwa kale ku Coventry ku England. Munthu aliyense woganiza akhoza kudabwa.

Koma ntchitoyi siinayambe mu 2020 ayi. Kachilombo aka kali ndi abale ake, SARS amene anavuta mu 2002 ndi 2003, ndi MERS amene anatulukira mu 2012, nde asayansi anali akudziwa kale kuti malo ofunika kulimbana nawo ndi timinga tija tili kunja kwa kachilombo, timene kamagwiritsa ntchito polowa m'maselo athu. Gulu la Sarah Gilbert ku Oxford linali likupanga kale katemera wa MERS, anangosintha zamkati. Njira ya mRNA imene makampani a Pfizer ndi Moderna anagwiritsa ntchito, yopatsa maselo malangizo oti apange okha timinga tija kuti thupi liphunzirirepo, nayonso ndi yakale, Katalin Karikó ndi Drew Weissman anapeza mfundo yake yaikulu mu 2005 anthu asakuwalabadira nkomwe, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2023.

Chinanso, chomwe chimachedwetsa katemera nthawi zambiri ndi ndalama komanso kudikira. Kampani imayesa gawo loyamba, kenako kufunafuna ndalama, kenako mapepala akhale pa desiki miyezi. Ulendo uno maboma anathira ndalama zambiri, mafakitale anayamba kupanga mabotolo kafukufuku asanathe podziwa kuti akalephera atayidwa, ndipo poti matenda anali ponseponse sizinatenge nthawi kuona kusiyana pakati pa obayidwa katemera weniweni ndi obayidwa madzi amchere chabe. Pfizer anayesa pa anthu opitirira 43,000, Moderna pa anthu pafupifupi 30,000. Si anthu ochepa amenewo. Chomwe kafukufuku wa miyezi yochepa sakanatha kuona ndi mavuto osowa kwambiri, oti amagwira munthu mmodzi pa anthu masauzande ambirimbiri, ndipo amenewo anadzaonekadi pambuyo, ndifika kumeneko.

Kodi sikuti ankatiyesera mankhwala ngati mbewa?

Apa ndikufuna ndikhale kaye pang'ono chifukwa anthu amene ankanena zimenezi ankasekedwa, pomwe mantha awo sanachokere kumwamba. Ku Tuskegee ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa dala osawapatsa mankhwala kuti madokotala aone mmene matendawo amathera munthu. Ku Kano ku Nigeria mu 1996, nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, Pfizer anayesa mankhwala otchedwa Trovan pa kafukufuku wa ana pafupifupi 200, ana 11 a mu kafukufukuyo anamwalira, makolo anati sanauzidwe bwinobwino zomwe zikuchitika ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti ndi chipukuta misozi. Patapita zaka zochepa, mu 2003, madera a kumpoto kwa Nigeria anakana katemera wa poliyo ndipo matendawo anafalikiranso kumayiko ena. Ku Pakistan mu 2011 a CIA, akazitape a ku America, ananamizira ntchito ya katemera pofunafuna Osama bin Laden, pambuyo pake ogwira ntchito za katemera enieni anayamba kuphedwa. Ndiye mu Epulo 2020 mliri uli mkati, madokotala awiri a ku France anakamba pa TV zokayesera katemera ku Africa, mpaka mkulu wa WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, anawadzudzula poyera kuti ndi maganizo achitsamunda.

Munthu wodziwa mbiri imeneyi sungamunene kuti ndi mbuli. Koma pa katemera wa Covid zinthu zinayenda mosiyana, ndipo umboni wake ndi wowawa mwa mtundu wina. Mayiko olemera ankalimbirana katemerayu, kubaya okalamba awo ndi madokotala awo poyamba, osauka akudikira. Chinthu choopsa sichilimbiranidwa choncho. Anthu a ku Britain, America ndi Israel mamiliyoni ambiri anali atabayidwa kale botolo loyamba la COVAX, ndondomeko yogawira katemera kumayiko osauka, lisanatere ku Africa.

Nditabayitsa ndinagona masiku awiri, thupi lonse kuphwanya. Anandipatsa matendawo?

Ayi. Mu Pfizer, Moderna, AstraZeneca ndi Johnson & Johnson mulibe kachilombo ka korona kamoyo, ndipo mu Sinopharm ndi Sinovac muli kakufa kale, sikangaswane. Kuphwanya thupi, mutu, kutentha thupi, mkono kulemera, ndi chitetezo cha m'thupi chikugwira ntchito, chikuphunzira mdani. Ine usiku woyamba ndinanjenjemera mano mpaka kugundana, mawa lake madzulo ndinali bwinobwino. Ena sanamve kalikonse ndipo sizikutanthauza kuti mwa iwo sanagwire.

Zija ankati mukhale kaye pa benchi mphindi 15 musanapite, sikunali kukutayitsani nthawi. Pali anthu ochepa kwambiri, owerengeka pa miliyoni, amene thupi lawo limakana mankhwala mwadzidzidzi, kutupa kummero ndi kubanika, ndipo zimenezi zimachitika mphindi zoyambirira pomwe anesi ali pafupi ndi jakisoni wothetsa vutolo.

Nanga zoti magazi amaundana, zinali zoona kapena mphekesera?

Zinali zoona, ndipo ndimakwiya ndikakumbuka kuti ena ankakana ngati kuti palibe chilichonse. Mu Malichi 2021 mayiko angapo a ku Ulaya anaimitsa kaye AstraZeneca ataona anthu ena, ambiri mwa iwo osafika zaka 60, akuundana magazi m'mitsempha ya ku ubongo kapena ya m'mimba pomwe tizigawo ta magazi tothandiza kuundana tatsika. Pa 7 Epulo bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti pakhoza kukhala kugwirizana pakati pa katemerayo ndi vutoli. Denmark anasiyiratu katemerayo, Britain anati osafika zaka 30 azipatsidwa wina, kenako anakweza kufika zaka 40. Ku America anaimitsa Johnson & Johnson masiku khumi mwezi womwewo atapeza amayi 6 pa madozi pafupifupi 7 miliyoni. Anthu ena anamwalira nalo vutoli, ndipo mabanja awo alipo.

Katemera wa mRNA nayenso anali ndi lake, kutupa kwa mnofu wa mtima, makamaka kwa anyamata ndi abambo achichepere pambuyo pa dozi yachiwiri. Ambiri anachira patapita masiku ochepa.

Nde funso lenileni ndi loyika pasikelo. Covid payekha amaundanitsa magazi ndipo amatupitsanso mtima, kuposa mmene katemera amachitira. Kwa munthu wa zaka 65 wa shuga kapena BP, mliri uli pachimake, sikeloyo inkalemera mbali ya kubayitsa mosakaikitsa. Kwa wachinyamata wa zaka 22 wathanzi mpata unali wochepa, nchifukwa chake mayiko okhala ndi katemera wamitundumitundu anamusinthira. Vuto linali kumayiko kumene kunali mtundu umodzi wokha, kusankha kunalibe, ndipo anthu ankamva pa wailesi kuti azungu aukana katemera yemweyo amene iwo akuuzidwa kuti akabayitse. Pamenepo mpomwe anafunika kukhala pansi ndi anthu nkufotokoza manambala, osati kungoti ndi mabodza. Zizindikiro zoti munthu athamangire kuchipatala zinali mutu woopsa wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka m'mimba kosalekeza, mwendo kutupa kapena kubanika, kuyambira masiku anayi mpaka milungu ingapo chibayireni, ndipo ine pamzere wathu palibe anatiuza zimenezi, ndinachita kuwerenga ndekha.

Akuti amatseka kubereka, ndipo amayi ambiri anaona kusintha pa kusamba

Izi ndi nkhani ziwiri. Za kusabereka palibe umboni, madozi opitirira 13 biliyoni anabayidwa padziko lonse ndipo ana akubadwabe, maanja amene anatsatiridwa pa kafukufuku ankatenga pakati chimodzimodzi obayitsa ndi osabayitsa. Chimene chinaoneka kuti chimachepetsa mphamvu ya umuna kwa kanthawi ndi kudwala Covid kumene, chifukwa cha kutentha thupi kwambiri.

Koma za kusamba amayi sankanama. Ankadandaula kuti masiku asokonekera nkumauzidwa kuti ndi maganizo chabe, mpaka kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti zoonadi nthawi imatalikirako, pa avereji osakwana tsiku limodzi, kenako zimabwerera mwakale mwezi umodzi kapena iwiri. Ndi kanthu kakang'ono inde, koma mayi akaona chinthu m'thupi mwake iwe nkumuuza kuti kulibe, mawa sadzakukhulupiriranso pa chachikulu. Kwa oyembekezera uthenga unkasinthasintha poyamba chifukwa sanaikidwe mu kafukufuku woyamba uja, pambuyo pake zinaoneka kuti Covid ndi woopsa kwambiri kwa mayi wapakati, amatha kubereka mwana wosakwana masiku kapena kukagonekedwa pa makina opumira, nde malangizo anakhala oti abayitse.

Muli tchipi? Maginito? Ndi 666?

Mulibe. Singano imene amabayira ndi yopyapyala ndipo madzi ake olo theka la supuni yaing'ono sakwana, kachipangizo koti kazilondola munthu kamafuna batire ndi netiweki, foni yanu ndi imene imachita zimenezo. Zoti ndalama yachitsulo imamata pamene munabayidwa si maginito ayi, imamata pakhungu la thukuta la aliyense, yesani pamkono winawo. Sasinthanso DNA, mRNA salowa mkatikati mwa selo mmene DNA imakhala ndipo amasungunuka pakapita masiku.

Za chikhulupiriro sindingakuuzeni zoti mukhulupirire. Ndingonena kuti Vatican inalengeza mu Disembala 2020 kuti kulandira katemerayu nkololedwa, Papa Francis anabayitsa, ndipo atsogoleri ambiri achisilamu ndi a mipingo ina anabayitsa pamaso pa anthu awo.

Chifukwa chani ena anayamba kalekale pomwe ena ankangodikira, ndipo dozi yachiwiri inasowa?

Iyi ndi mbali imene kwa ine inali yochititsa manyazi kuposa zonse. Mayiko olemera anagula katemera asanapangidwe nkomwe, Canada anaitanitsa wokwanira kubaya anthu ake kangapo konse. Pa 18 Januwale 2021 Tedros ananena kuti madozi opitirira 39 miliyoni abayidwa m'mayiko olemera 49, pomwe dziko lina losauka kwambiri linali litabaya madozi 25 okha. Osati 25 sauzande ayi, 25.

COVAX inakhazikitsidwa ndi WHO pamodzi ndi mabungwe oona za katemera a Gavi ndi CEPI, UNICEF ndi amene ankanyamula, kuti mayiko osauka asatsalire. Ndege yoyamba inatera ku Accra ku Ghana pa 24 Febuluwale 2021 ndi madozi 600,000. Koma COVAX inkadalira kwambiri fakitale imodzi, Serum Institute of India ya ku Pune, ndipo mtundu wa kachilomboka wotchedwa Delta utavuta ku India mpaka malo otenthera mitembo kuchepa, boma la India linaimitsa kutumiza katemera kunja kuti lipulumutse anthu ake, mpaka chakumapeto kwa chakacho. Nchifukwa chake anthu mamiliyoni amene anabayitsa dozi yoyamba ya AstraZeneca anafika tsiku lolembedwa pa khadi nkupeza kulibe. Ine ndinapita kawiri nkubwerera, ndipo mayi wina wachikulire amene tinali naye pamzere anangoti iye sabweranso, wawononga kale ndalama ya ulendo kawiri. Sindikudziwa ngati anadzabwera. M'mabuku munthu ngati ameneyo amalembedwa kuti "wokana katemera", pomwe iye anabwera, katemera ndi amene sanabwere.

India ndi South Africa anapempha ku WTO, bungwe loona za malonda padziko lonse, mu Okutobala 2020 kuti malamulo oteteza umwini wa mankhwala aimitsidwe kaye kuti mafakitale ena apange nawo, anakangana mpaka Juni 2022 ndipo chomwe chinatuluka chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi pempholo. Kenako asayansi a ku South Africa ndi Botswana atapeza mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa Omicron mu Novembala 2021 nkuuza dziko mwachangu, malipiro awo anali kutsekeredwa maulendo a ndege.

Ngati unali wosowa choncho, bwanji ankautaya ndi kuuwotcha?

Zifukwa zake zingapo. Wambiri wa mphatso unkafika utatsala milungu yochepa kuti uthe ntchito, nde dziko loti misewu ndi mafiriji ndi zovuta silingamalize msanga. Malawi anawotcha madozi 19,610 a AstraZeneca mu Meyi 2021 pamaso pa atolankhani kuti anthu aone kuti sakubayidwa wakutha, Nigeria anataya opitirira 1 miliyoni mu Disembala chaka chomwecho. Kasungidwe nakonso, Pfizer poyamba ankafuna kuzizira kwa madigiri 70 pansi pa ziro, firiji wamba safika pamenepo, pomwe AstraZeneca ankakhala bwino pa madigiri 2 mpaka 8. Komanso botolo limodzi limakhala ndi madozi angapo, mwachitsanzo 10, ndipo likatsegulidwa liyenera kutha pasanathe maola 6. Ndi chifukwa chake nthawi zina anesi ankati dikirani mukwane kaye, sikunali nkhanza, akatsegulira anthu atatu madozi enawo atayika.

Nanga akuluakulu aja ankadumpha mzere?

Zinachitika. Ndondomeko inali yoti ayambe azaumoyo, okalamba ndi odwala matenda amgonagona, koma ku Peru mu Febuluwale 2021 zinaululika kuti anthu pafupifupi 500, kuphatikizapo mtsogoleri wakale Martín Vizcarra, anabayitsa Sinopharm mobisa, nduna ya zaumoyo ndi ya zakunja anatula pansi udindo. Mwezi womwewo nduna ya zaumoyo ku Argentina nayo inachoka pa nkhani yofanana. Chodabwitsa nchoti kwina anthu ankakwiya kuti atsogoleri abayitsa poyamba, kwina ankati ayambe iwowo tione ngati safa, ndipo akabayitsa pa TV ankati awabaya madzi.

Ndinabayitsa kawiri koma ndinadwalabe, nde phindu lake nchani? Ndipo busita, dozi yoonjezera ija, ndi bizinesi eti?

Apa olengeza analakwitsa pa kalankhulidwe. Anthu anamva ngati ukabayitsa basi sudzadwala ndipo sungapatsire wina, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti Pfizer amateteza ndi 95 peresenti ndipo Moderna ndi 94, koma manambala amenewo anali a kachilombo koyambirira komanso a miyezi yoyamba. Kachilombo kanasintha, Beta, Delta, Omicron, ndipo chitetezo choletsa kutenga matenda chimatsika pakapita miyezi. South Africa mpaka anaimitsa AstraZeneca mu Febuluwale 2021 ataona kuti sakuteteza bwino ku matenda apang'ono a Beta. Chimene chinakhalitsa ndi chitetezo ku matenda aakulu, kuti usafike pa okisijeni, usafe. Amene munadwala ngati chimfine masiku anayi nkudzuka, mwina phindu lake linali limenelo, kungoti chinthu chimene sichinachitike sichioneka.

Makampani anapanga ndalama zambiri, zimenezo sindingakane, ndipo zinali zowawa kuona mayiko ena akubaya dozi yachitatu pomwe anesi kwina alibe olo yoyamba, WHO inachita kupempha mu Ogasiti 2021 kuti busita aime kaye. Koma kwa wokalamba kapena wa chitetezo chofooka busita amathandizadi.

Kukakamiza anthu kunali koyenera?

Maganizo anga ndi oti kwa ogwira ntchito ndi odwala ndi okalamba ndimamvetsa, koma kukakamiza aliyense kunawononga zambiri kuposa zomwe kunakonza. Austria anakhazikitsa lamulo loti wamkulu aliyense abayitse mu Febuluwale 2022, mwezi wotsatira analiimitsa, pofika Juni analengeza kuti akulichotsa. France anagwiritsa ntchito chiphaso cholowera m'malesitanti ndi m'sitima, anthu obayitsa anachulukadi koma zionetsero zinali sabata ndi sabata, ndipo m'mayiko ambiri makhadi achinyengo anayamba kugulitsidwa. Ndili ndi mchimwene wanga amene anabayitsa chifukwa kuntchito anamuopseza, mpaka lero amakamba ngati anamubera kanthu, ndipo mwana wake atabadwa tinachita kumunyengerera kuti akalandire katemera wa chikuku, chinthu choti kale sakanafunsa nkomwe.

Munthu akavulala ndi katemera, amalipira ndani?

Makampani ambiri anasainirana ndi maboma kuti asamasumiridwe mwachisawawa, nde udindo unagwera maboma ndi thumba lapadera. Ku Britain kuli ndondomeko yopereka £120,000 kamodzi kwa amene walumala kwambiri, ngakhale ambiri amadandaula kuti ndi yochedwa komanso yovuta kukwanitsa. COVAX inakhazikitsa yake mu 2021 ya mayiko 92 osauka ndi apakati, yoti munthu apepesedwe osapita kukhoti. Anthu ambiri amene inawakhudza sanamvepo nkomwe kuti ilipo.

Pamapeto pake, katemerayu anapulumutsadi anthu?

Eya. Akatswiri a ku Imperial College London anawerengera mu 2022 kuti m'chaka choyamba chokha katemera anapewetsa imfa 14.4 miliyoni, ndipo akawerengera imfa zonse zoonjezera zomwe sizinalembedwe kuti ndi Covid, nambala imafika 19.8 miliyoni. Ndi kuyerekeza kwa masamu, osati kuwerenga mitu, koma madokotala amene anali m'mawodi nthawi ya Delta ankaona ndi maso kuti mabedi a odwala kwambiri adzaza ndi osabayitsa. Azakhali anga anamwalira mu Januwale 2021, katemera ali kale m'mikono ya anthu mbali ina ya dziko, iwo asanakhale ndi mwayi olo wokana.

Mliri unatha, nde tisiye kuganiza za katemera?

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid sialinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilombo kakadalipo ndipo kakusinthabe. AstraZeneca anachotsa katemera wake pamsika mu Meyi 2024 ponena kuti sakufunidwanso poti kwabwera ena atsopano ogwirizana ndi mitundu ya kachilombo ya pano. Kwa wachinyamata wathanzi amene anabayitsa kale mayiko ambiri sakulimbikitsanso kubwereza, koma ngati ndinu wachikulire, muli ndi shuga, matenda a mtima kapena a impso, chitetezo chanu ndi chofooka, kapena ndinu oyembekezera, funsani kuchipatala ngati pali dozi yoti mulandire, ndipo mutenge khadi lanu lakale ngati mukadali nalo kuti aone mtundu umene munabayitsa ndi tsiku lake.